Kuchokera pa Chikole Kufika pa Mphete ya Dayamondi

Pa miyambo yonse ya ukwati imene imachitika mu mzinda wa Blantyre masiku ano, mwambo wovekana mphete ndiwo waung'ono msinkhu. Ankhoswe adalipo mzindawu usanamangidwe, chikole chidalipo, ndipo nkhuku za pa chinkhoswe nazo zidalipo. Koma mphete, makamaka ija yokhala ndi kamwala konyezimira ka dayamondi, ndi mlendo amene adafika dzana lomweli. Ngakhale ili yachilendo chotero, anyamata ambiri a ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe ngakhalenso ku Namiwawa amasowa nayo tulo. Ena amasunga ndalama kwa miyezi yambiri, ena amakakongola ku banki, ndipo ena amafika potenga katapila, pofuna kuti pa tsiku la chinkhoswe asadzachite manyazi pamaso pa apongozi ndi anzawo. Funso limene limawazunza ndi lakuti: kodi kamwala kameneka n'koyeneradi mtengo wake? Wogulitsa m'sitolo sangayankhe funsoli mwachilungamo chifukwa palibe amene amanyoza malonda ake. Yankho lake likupezeka mu mbiri, ndipo mbiriyo imakhudza dziko la Malawi kuposa mmene anthu ambiri amaganizira.

Azungu asanafike, dera limene lero pali Blantyre ndi Limbe mudali Amang'anja ndi Ayao, ndipo pambuyo pake mudadzafika Alomwe ochokera ku Mozambique. Mitundu yonse itatuyi imatsata mwambo wa chikamwini, umene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo ana amawerengedwa kuchikazi. Mnyamata akafunsira mbeta n'kuloledwa, ankapereka chikole. Chikolecho chinkakhala kanthu kochepa monga mikanda kapena kansalu, ndipo ndalama zitayamba kuyenda ena ankapereka ndalama pang'ono. Mtsikana ankakaonetsa chikolecho kwa agogo ake kapena kwa mkulu wake, ndipo iwo ankafikitsa nkhaniyo kwa malume, amene ndi mwini mbumba. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unkadziwa kuti mtsikanayo ndi wotomeredwa, kotero anyamata ena ankamutalikira. Mphamvu ya chikole siinali mu mtengo wake. Chinkalemekezeka chifukwa chakuti wochipereka ankadziwika, wochilandira ankadziwika, ndipo akuluakulu a mbali zonse ankachiona ndi maso awo.

Chimene chinkamanga ukwati chidali chinkhoswe. Pa mwambowu mbali ya kuchimuna ndi ya kuchikazi zinkakumana, ndipo mbali iliyonse inkaonetsa nkhoswe yake, munthu woti azidzathamangirako pa matenda, pa maliro ndi pa mikangano ya m'banja. Mpaka lero akuchimuna amapereka tambala ndipo akuchikazi amapereka thadzi. Mwamuna amalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, pomwe mkazi amalandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache. Chilichonse mwa ziwiya zimenezi chili ndi ntchito pakhomo, ndipo chimakumbutsa mwini wake udindo umene wausenza. Izi sizikutanthauza kuti makolo akale sankadziwa zokongoletsa zamtengo wapatali. Adali ndi makoza a minyanga ya njovu, zibangiri zamkuwa ndiponso mphande, chigoba choyera chozungulira cha nkhono ya m'nyanja yamchere, chimene amalonda ankabwera nacho kuchokera kugombe la kum'mawa. Mphande inkavalidwa ndi mafumu ndi anthu olemera chifukwa inkasowa. Mu 1854 David Livingstone adapatsidwa imodzi ndi mfumu Shinte ya Alunda, ndipo adauzidwa kuti mphande zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Komabe ukwati sunkadalira mphande. Mmphawi wopanda mphande ankakwatira, ndipo ukwati wake unkalemekezeka malinga ngati udali ndi ankhoswe.

Mphete ya ukwati idalowa m'derali pamodzi ndi Chikhristu. Mu 1876 amishoni a mpingo wa Church of Scotland adakhazikitsa mishoni ya Blantyre pa malo amene adapatsidwa ndi mfumu Kapeni. Pakati pa 1888 ndi 1891 mbusa David Clement Scott pamodzi ndi amisiri akuda adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chilipobe mpaka lero. M'matchalitchi otere ndimo anthu a kuno adayamba kuona mkwati akuveka mkwatibwi mphete pa chala. Amishoniwo nawonso mwambowu adachita kuulandira kwa ena. Aroma akale ankapereka mphete yachitsulo kwa mtsikana wotomeredwa ngati chizindikiro cha pangano, ndipo padali chikhulupiriro chakuti pa chala chachinayi cha dzanja lamanzere pali mtsempha wopita kumtima. M'zaka za m'ma 860 Papa Nicholas Woyamba adalemba kalata imene idatchula mphete ngati mbali ya mwambo wa chitomero pakati pa Akhristu a kumadzulo. Motero mphete ya Aroma ndi chikole cha Amang'anja zidali ndi ntchito imodzi, yosonyeza kuti mawu aperekedwa ndipo sadzabwezedwa.

Pamene mishoni inkakula, malonda nawo ankakula. Kampani ya African Lakes, imene idayamba mu 1878 motsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, idamanga nyumba ya Mandala mu 1882. Sitima ya pamtunda idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo Limbe adakula chifukwa cha njanjiyo ndi malonda a fodya. Amwenye adatsegula masitolo m'matauni awiriwa, amene adaphatikizidwa mu 1956. Boma la atsamunda nalo lidaika lamulo la maukwati mu 1902, ndipo pang'onopang'ono aphunzitsi, makalaliki ndi akuluampingo adayamba kuona ukwati woyera, wa diresi, suti ndi mphete, ngati chizindikiro cha munthu wophunzira. Koma mphete yodalitsira ukwati m'tchalitchi idali yosalala, yopanda mwala uliwonse. Nkhani ya mwala wa dayamondi idayambira kutali, ndipo idayenda njira yakeyake.

Dayamondi ndi mwala wolimba kuposa miyala yonse yachilengedwe, ngakhale kuti chimene chimaupanga ndi chomwecho chimene chili m'makala. Kwa zaka mazanamazana unkapezeka makamaka ku India, ndipo m'zaka za m'ma 1720 udapezekanso ku Brazil. Popeza unkasowa kwambiri, udali wa mafumu. Mbiri imasimba kuti mu 1477 Maximilian, kalonga wa ku Austria, adapereka mphete ya dayamondi kwa Mary wa ku Burgundy pomutomera, koma anthu wamba a ku Ulaya sankalota n'komwe zochita chimodzimodzi. Zinthu zidasintha mu 1867 pamene mnyamata wina, Erasmus Jacobs, adatola kamwala konyezimira pafupi ndi mtsinje wa Orange ku South Africa. Mu 1869 kudapezeka mwala wina waukulu wolemera makarati 83.5, ndipo karati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a galamu. Pofika 1871 anthu zikwizikwi adali atakhamukira pa malo amene adadzatchedwa Kimberley, kuphatikizapo munda wa abale awiri a banja la De Beer. Dayamondi amene kale ankapezeka mmodzimmodzi m'mitsinje adayamba kukumbidwa wochuluka, ndipo mtengo wake udayamba kugwa.

Pakati pa anthu amene adafika ku Kimberley mu 1871 padali mnyamata wa zaka 18 wochokera ku England, dzina lake Cecil John Rhodes. Iye adayamba ndi ntchito yopopa madzi m'maenje a anzake, ndipo phindu lake ankagulira maenjewo limodzilimodzi. Rhodes adazindikira kuti anthu ambiri akamakumba ndi kugulitsa mopikisana, dayamondi adzatsika mtengo ngati chimanga pa nthawi yokolola. Nzeru yake idali yakuti migodi yonse ikhale m'manja amodzi, kuti miyala izituluka pang'onopang'ono. Mu 1888 adakhazikitsa kampani ya De Beers Consolidated Mines, ndipo mu 1889 kampaniyo idalemba cheke cha mapaundi 5,338,650 pogula mgodi waukulu umene udali m'manja mwa Barney Barnato. Posakhalitsa De Beers inkalamulira pafupifupi magawo 90 mwa magawo 100 a dayamondi yense wokumbidwa pa dziko lapansi. Kuyambira pamenepo kusowa kwa dayamondi kudakhala kochita kukonza. Anthu akuda amene ankakumba miyalayi ankatsekeredwa m'makomponi otchingidwa ndi mipanda kwa nthawi yonse ya pangano lawo la ntchito, ndipo ankasechedwa thupi lonse asanaloledwe kubwerera kwawo.

Chuma cha ku Kimberley sichidathere ku Kimberley. Mu 1889 Rhodes adalandira chilolezo cha Mfumukazi Victoria chokhazikitsa kampani ya British South Africa, ndipo De Beers idali m'gulu la amene adaikamo ndalama zambiri. Mu 1891 dziko la Britain lidalengeza kuti madera ozungulira nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire ali pansi pa chitetezo chake, koma boma la ku London silinkafuna kuwonongerapo ndalama zambiri. Kampani ya Rhodes idavomera kupereka mapaundi 10,000 chaka chilichonse kwa Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, ndipo idachita zimenezi kwa zaka zingapo. Ndalamazo zidathandiza kulipira asilikali, kuphatikizapo Asikh ochokera ku India, amene adamenyana ndi mafumu monga Makanjira, Mponda ndi Jalasi. Nkhondozo zidathetsa malonda a akapolo, komanso zidakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda ndi msonkho wa nyumba. Choncho mwala umene lero umanyezimira pa chala cha mkwatibwi ku Sunnyside uli ndi dzanja pa chiyambi cha boma limene lidalamulira makolo ake mpaka 1964.

Msonkho uja unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinkapezeka kumigodi. Kuyambira mu 1903 bungwe la Wenela lidayamba kulemba amuna a kuno kupita nawo ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene golide adapezeka mu 1886. Kulembako kudaletsedwa mu 1913 chifukwa anthu ambiri ochokera kumadera otentha ankafa ndi chibayo, koma kudayambiranso m'zaka za m'ma 1930. Ena ankayenda okha pansi, monga adachitira Hastings Kamuzu Banda, amene ali mnyamata adagwirako ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ndipo idatha mu 1988. Dzina la Wenela lidatsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre. Ambiri mwa amunawa ankasiya atsikana owatomera ndi akazi awo kumudzi. Ena ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera, koma ena adasanduka machona, ndipo maukwati awo adatha. Golide wopangira mphete za maukwati a ku Ulaya adapasula mabanja ambiri ku Nyasaland.

Ngakhale De Beers inkalamulira migodi, siinkalamulira mitima ya ogula. Chuma cha dziko lapansi chitagwa mu 1929, anthu adasiya kugula zodzikongoletsera, ndipo mu 1932 migodi ya ku Kimberley idatsekedwa. Ernest Oppenheimer, amene adakhazikitsa kampani ya Anglo American mu 1917 ndi kukhala wapampando wa De Beers mu 1929, adasonkhanitsa malonda onse a dayamondi pansi pa ofesi imodzi ku London. Koma miyala idangodzaza m'nkhokwe popanda woigula. Mu 1938 mwana wake, Harry Oppenheimer, adapita ku America kukakumana ndi kampani yotsatsa malonda ya N. W. Ayer. Ntchito imene kampaniyo idapatsidwa idali yophunzitsa mtundu wonse wa anthu kuti chikondi cha mnyamata chimayezedwa ndi kukula kwa mwala umene wagula. Akatswiri a mafilimu ankapatsidwa dayamondi kuti azivala poyera, nyuzipepala zinkatumiziridwa nkhani za mphete za anthu otchuka, ndipo anthu ena ankatumidwa m'sukulu zasekondale kukalankhula ndi atsikana za mphete ya chitomero. Mu 1947 mayi wina wolemba mawu otsatsa malonda, Frances Gerety, adapeka mawu akuti dayamondi ndi wamuyaya. Mayiyu adakhala moyo wake wonse osakwatiwa, koma mawu ake adalowa m'maukwati a anthu mamiliyoni.

Zotsatira zake zidaposa chiyembekezo cha eni ake. Cha m'ma 1940 mtsikana mmodzi yekha mwa khumi alionse otomeredwa ku America ndiye ankalandira mphete ya dayamondi, koma pofika 1990 adali asanu ndi atatu mwa khumi alionse. Malonda a De Beers m'dzikolo adakwera kuchoka pa madola 23 miliyoni mu 1939 kufika pa madola 2.1 biliyoni mu 1979. Otsatsa malonda omwewo ndi amene adafalitsa lamulo lakuti mnyamata awononge malipiro ake a mwezi umodzi pogula mphete, ndipo m'zaka za m'ma 1980 adalikweza kufika pa miyezi iwiri. Chitsanzo chodabwitsa kwambiri ndi cha ku Japan, dziko limene lidali ndi miyambo yakeyake ya ukwati yopanda mphete ya chitomero. Mu 1967, pamene kutsatsa kudayamba kumeneko, atsikana osakwana asanu mwa 100 alionse ndiwo ankalandira dayamondi. Pofika 1981 adali pafupifupi 60 mwa 100 alionse, ndipo anyamata a ku Japan ankauzidwa kuti mtengo woyenera ndi malipiro a miyezi itatu. Mwambo umene lero umaoneka ngati wa makolo udabadwira mu ofesi ya amalonda, ndipo zaka zake sizinakwane 100.

Mu Blantyre mwambowu udalowa mwakachetechete. Udabwera ndi mafilimu, magazini ochokera ku South Africa, ndiponso anthu obwerera kuchokera ku maphunziro ndi ku ntchito kunja. Wailesi yakanema ya boma itatsegulidwa mu 1999, ndipo pambuyo pake intaneti ndi Facebook zitafala, zithunzi za mnyamata atagwada ndi kabokosi m'manja zidafika m'nyumba zambiri. Nthawi yomweyo chinkhoswe cha m'tauni chidasintha maonekedwe. Mwambo umene unkachitikira pakhonde la malume udasamukira m'maholo ndi m'minda yamaluwa yochita kulipira, ndipo pambali pa tambala ndi thadzi padawonjezeka zovala zofanana, zoimbira, wojambula zithunzi, perekaniperekani ndi mphete. Kusiyana kwa mphete ndi ziwiya zina zonsezi ndi kwakuti dziko la Malawi lilibe mgodi wa dayamondi, kotero mwala uliwonse woona wogulitsidwa mu Victoria Avenue kapena ku Limbe umachita kuitanitsidwa ndi ndalama zakunja. Mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi magawo 25 mwa 100 mu May 2022, ndiponso ndi magawo 44 mwa 100 mu November 2023, katundu yense wochokera kunja adakwera mtengo pomwe malipiro a anthu ambiri adatsalira m'mbuyo. Lamulo la miyezi iwiri lidapangidwira anthu olandira madola, ndipo kwa mphunzitsi kapena kalaliki wa ku Zingwangwa malipiro a miyezi iwiri ndi lendi, chakudya ndi fizi ya abale.

Ena amati mphete ya dayamondi ndi chuma chosungika chimene banja lingadzagulitse pa tsiku la mavuto. Mbiri ikutsutsa ganizo limeneli. Mu 1982 mtolankhani wa ku America, Edward Jay Epstein, adalemba m'magazini ya The Atlantic za anthu amene adayesa kugulitsa dayamondi wawo, ndipo adapeza kuti masitolo ankakana kumugula kapena ankapereka ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene eni ake adalipira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mtengo wa m'sitolo umaphatikiza phindu la wokumba, wosema, wopikulitsa ndi wogulitsa, pamodzi ndi misonkho, ndipo zonsezi sizibwerera kwa wogula. Golide ali ndi mtengo wodziwika pa galamu iliyonse, koma dayamondi aliyense amayezedwa payekha poona kulemera kwake, mtundu wake, kuyera kwake ndi kasemedwe kake, ndipo munthu wamba sangathe kutsutsana ndi katswiri pa zimenezi. Mawu aja akuti dayamondi ndi wamuyaya adali ndi ntchito yachiwiri, yoletsa amayi kugulitsa mphete zawo, chifukwa miyala mamiliyoni imene ili m'manja mwa anthu ikadabwerera pa msika, mtengo ukadagwa. Apa ndi pamene akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso funso la kumene mwalawo wachokera. M'zaka za m'ma 1990 dayamondi adalipira nkhondo zoopsa mu Africa. Ku Angola gulu la UNITA linkagula zida ndi ndalama za miyalayi, ndipo ku Sierra Leone, pa nkhondo ya pakati pa 1991 ndi 2002, zigawenga zinkadula anthu manja polimbirana madera a migodi. Pofuna kuthetsa malonda oterewa, maiko adakumana ku Kimberley mu 2000, ndipo mu 2003 adayambitsa dongosolo lopereka zikalata zotsimikizira kuti miyala siinachokere kwa zigawenga. Dongosololi lidathandiza, koma silidaletse kuphedwa kwa anthu okumba ku Marange m'dziko la Zimbabwe mu 2008. Komabe chilungamo chimafuna kuti mbali inayo imvekenso. Dziko la Botswana lidalandira ufulu mu 1966 lili limodzi mwa maiko osaukitsitsa. Dayamondi atapezeka ku Orapa mu 1967, ndipo mgodi wa Jwaneng utatsegulidwa mu 1982, boma lidagawana umwini wa migodi ndi De Beers, ndipo phindu lake lidamanga misewu, sukulu ndi zipatala. Mu 2013 De Beers idasamutsa malonda ake akuluakulu kuchoka ku London kupita ku Gaborone. Mwala womwewo udasandutsa ana a ku Sierra Leone asilikali ndipo udaphunzitsa ana a ku Botswana. Chimene chidasiyanitsa maiko awiriwa ndi utsogoleri.

Mutu womaliza wa mbiriyi ukufanana ndi zimene zidachitikira mphande. Amalonda a ku Ulaya ataona kuti anthu a pakati pa Africa amalemekeza chigoba chija, adayamba kuumba mphande zadothi loyera m'mafakitale ndi kuzibweretsa zambirimbiri, ndipo ulemerero wake udazilala. Dayamondi naye wakumana ndi zofanana, kungoti wopangidwa ndi anthuyo ndi dayamondi weniweni. Mu 1954 akatswiri a kampani ya General Electric ku America adapanga dayamondi m'makina, ndipo poyamba ankagwiritsidwa ntchito m'mafakitale podulira ndi kupalira zitsulo. Luso litapita patsogolo, adayamba kupanga miyala yaikulu yoyera imene diso la munthu silingaisiyanitse ndi yokumbidwa pansi. Mu 2018 De Beers yomwe idayamba kugulitsa miyala yotere pa dzina la Lightbox, pa mtengo wa madola 800 karati imodzi. Mitengo idapitirira kugwa, ndipo mu 2025 kampaniyo idalengeza kuti itseka malondawo. Mu 2024 Anglo American, imene idagula gawo la banja la Oppenheimer mu 2012, idalengeza kuti ikufuna kugulitsa De Beers. Malonda a dayamondi wokumbidwa adalowa pansi mu 2023 ndi 2024, ndipo chuma cha Botswana chidagwedezeka. Mtengo umene Rhodes adauchirikiza pobisa miyala m'nkhokwe wayamba kusowa pogwira.

Nanga malamulo akutinji? Lamulo la maukwati limene Nyumba ya Malamulo ya Malawi idakhazikitsa mu 2015 limavomereza ukwati wa kwa bwanamkubwa kapena kwa mlembi wa boma, ukwati wachikhalidwe, ukwati wa kumpingo kapena kumzikiti, ndiponso ukwati umene bwalo lamilandu lingauvomereze chifukwa anthu akhalira limodzi nthawi yaitali. Pa mitundu yonseyi palibe umene umafuna mphete, kaya ya dayamondi kaya yachitsulo. Koma kwa zaka zambiri mabwalo amilandu akhala akuona ankhoswe ngati mzati wa ukwati wachikhalidwe m'madera a chikamwini. Zodabwitsa n'zakuti kafukufuku wa ku America komweko akugwirizana ndi nzeru imeneyi. Mu 2014 akatswiri awiri a zachuma a pa yunivesite ya Emory, Andrew Francis ndi Hugo Mialon, adafunsa anthu oposa 3,000 za maukwati awo. Iwo sadapeze umboni wakuti mphete yodula kapena phwando lodula zimalimbitsa banja. Adapeza kuti maukwati amene adawonongetsa ndalama zambiri ankatha msanga kuposa ena, pomwe maukwati amene padafika anthu ambiri ochitira umboni ankakhalitsa. Kafukufukuyu sakunena kuti mphete imapasula banja, koma akusonyeza kuti mboni zili ndi mphamvu imene mwala ulibe.

Anthu okonda mphete ya dayamondi nawo ali ndi mfundo zawo zomveka. Mwalawu ndi wokongola, sukandika msanga, ndipo ungathe kuvalidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi asanu n'kusiyidwira mdzukulu. Mnyamata amene wadzimana kwa chaka chathunthu kuti augule waonetsa kupirira, ndipo mtsikana amene amaukonda sayenera kunyozedwa, pakuti mphatso siyezedwa ndi ntchito yake yokha. Munthu amene ali nazo ndalama zokwanira, amene akudziwa kuti sadzazipezanso akadzafuna kugulitsa, ndipo walandira chikalata chotsimikizira mwalawo, palibe chimene walakwa. Chimene mbiri ikukana ndi mawu akuti wosagula dayamondi alibe chikondi, kapena akuti mwalawo ndi nkhokwe ya chuma. Njira zina zilipo. Pali mphete yosalala ya golide kapena siliva, pali dayamondi wopangidwa m'makina, ndiponso pali miyala ya m'dziko momwemuno, monga rubi ndi safiro za pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, zimene zidadziwika m'zaka za m'ma 1950, ndi miyala yobiriwira ngati madzi ya ku Mzimba.

Pomaliza, mbiri ya mphete ya dayamondi ikuonetsa kuti mtengo wa chinthu umapangidwa ndi anthu, ndipo anthu omwewo angathe kuusintha. Rhodes adachepetsa miyala pa msika, a Oppenheimer adakulitsa chilakolako cha ogula, ndipo amuna akuda a kum'mwera kwa Africa, Amalawi ali momwemo, adalipira ndi thukuta ndi mabanja awo kuti golide ndi dayamondi zituluke pansi. Mnyamata ndi mtsikana amene akukonzekera chinkhoswe ayenera kukhala pansi ndi kuwerengera limodzi, pakuti ngongole yotengedwa ndi mmodzi chinkhoswe chisanachitike imadzabwezedwa ndi onse awiri ukwati utachitika. Ndalama za kamwala kamodzi zingathe kulipira lendi ya miyezi ingapo, kugula njerwa za maziko ku Machinjiri, kapena kukhala mpamba wa geni. Akafunsa ankhoswe awo adzamva mawu akale akuti safunsa adadya phula. Chikole cha mikanda chidamanga maukwati amene adabala mitundu yonse ya m'mapiri a Shire, chifukwa kumbuyo kwake kudali mawu oona ndi anthu owachitira umboni. Mphete iliyonse, yodula kapena yotchipa, imalemera molingana ndi mawu amene yanyamula.